Kodi kaboni wopaka pa kagalasi angaone chuku mu mtedza wathu?

FUNSO

Ndine mlembi wa gulu la alimi a mtedza kuno ku Mkanda, m'boma la Mchinji. Chaka chatha wogula wina anatibwezera matumba athu ponena kuti atayeza anapeza poizoni wa chuku wopitirira mulingo, chonsecho poyang'ana ndi maso mtedzawo unali woyera bwinobwino. Mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira sayansi ku yunivesite, akuti kunja kuli timakina toyeza pogwiritsa ntchito kuwala, topakidwa kaboni wotchedwa graphene, ndipo akuti dontho limodzi lokha limakwanira. Kodi ndi zoona? Timagwira ntchito bwanji? Kaboniyo ndi makala omwe tikuwadziwawa? Nanga tisonkhe ndalama tigule kamodzi?

YANKHO

Mayi, pepani ndi matumba amene anabwererawo. Thukuta la chaka chonse likabwezedwa pakhomo la wogula, amene amakayankha mafunso kwa anzake ndi inuyo alembi, ndipo si mtolo wopepuka. Ndiyambe ndi funso la ndalamali chifukwa ndi limene lingakupwetekeni: musasonkhe. Mwanayo sananame ayi. Timakina totere tilipodi, ndipo ine ndimakondwera kutsatira mmene ntchito yake ikuyendera, koma tambiri tikadali m'malabotale a kafukufuku. Komanso ngakhale wina atakupatsani kamodzi lero kwaulere, gawo lovuta kwambiri poyeza chuku mu mtedza lingatsalebe m'manja mwanu, chifukwa limachitikira pa thumba, kagalasi kasanakhudzidwe n'komwe. Ndifikako, koma tione kaye zimene mwanayo akunena.

Makala, mtima wakuda wa pensulo, diamondi ndi graphene, zonsezi ndi kaboni. Chimasiyana ndi mmene maatomu ake akhalirana. M'makala maatomu ali balalabalala, osakanikirana ndi phulusa ndi zina zotsalira za mtengo. Mu mtima wa pensulo, umene ndi graphite, maatomu amagwirana m'timphete ta makona 6, timpheteto n'kulumikizana kupanga timapepala, timapepalato n'kusanjikizana miyandamiyanda. Mwana akamalemba ndi pensulo amakhala akusupula timapepala timeneti n'kutisiya pa kope. Kapepala kamodzi kokha, kokhuthala atomu imodzi, ndiye graphene. Kukhuthala kwake ndi nanomita pafupifupi 0.34. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, kotero pafunika timapepala pafupifupi 3,000,000 kuti mulu wake ukwane milimita imodzi ya pa rula. Mutasinja makala mumtondo tsiku lonse mupeza fumbi lakuda, graphene simungamupeze.

Oyamba kupatula kapepala kameneka anali Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a pa yunivesite ya Manchester ku England, mu 2004. Chida chawo chinali tepi yomatira. Ankamata pa graphite, kusupula, kumatanso, kusupulanso, mpaka kutsala kopyapyala zedi, ndipo mu 2010 analandira nazo mphoto ya Nobel. Abale ake a graphene ena anali atadziwika kale: timipira ta maatomu 60 tinapezeka mu 1985, ndipo timachubu ta kaboni anatifotokoza Sumio Iijima wa ku Japan mu 1991. Amene amapezeka kwambiri m'zipangizo zoyezera ndi wina wotchedwa graphene oxide. Ameneyu amapangidwa pophika graphite mu asidi wamphamvu ndi mankhwala ena, mwa njira imene Hummers ndi Offeman analemba mu 1958, mpaka okosijeni atalowerera pakati pa timapepala n'kutilekanitsa. Chotuluka chake ndi timadzi ta bulauni toti mungathe kudontheza pa galasi n'kuumitsa. Graphite weniweniyo tili naye m'nthaka yathu, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe, si kutali kwenikweni ndi kwanuko. Zimenezi zimandipatsa chiyembekezo, ngakhale kuti kuchoka pa mwala wokumbidwa kukafika pa kapepala kofanana paliponse pali ulendo wautali.

Tibwere pa kachipangizo. Kamtundu kake munakaonapo kale kuchipatala, kaja koyezera malungo. Adokotala amabaya chala, kudontheza magazi, kuthira timadzi, n'kudikira mphindi 15 kapena 20. M'kati mwake muli ma antibody, mapuloteni opangidwa kuti agwire chinthu chimodzi chokha, pamenepa puloteni ya tizilombo ta malungo. Mulinso timibulu ta golide tating'onoting'ono, ndipo tikaunjikana pamzere timaoneka tofiirira. Choncho pali chogwira, pali chosonyeza kuti chagwira, ndipo pali malo pamene chogwiracho chakhazikika. Zipangizo zonse zoyeza ndi kuwala zili ndi zitatu zimenezi. Pa kachipangizo ka malungo diso lanu ndi limene limawerenga. Pa zimene mwanayo akunena imawerenga ndi kamera. Kaboni uja ntchito yake nthawi zambiri ili pa chachitatucho, pa malo okhazikikapo, ndipo nthawi zina pa chachiwiri. Pa choyamba palibepo. Graphene sadziwa chuku, sadziwa malungo.

Makina ambiri a mtundu umenewu amachokera ku njira yotchedwa SPR, ndipo ndiyenera kuifotokoza pang'onopang'ono chifukwa mukaimvetsa, zinazo ziyenda zokha. Amatenga kagalasi n'kukapaka golide wokhuthala nanomita pafupifupi 50. Golide wotere ndi wopyapyala moti mukakweza kagalasiko ku dzuwa mumaonera kuseri, kukuoneka mobiriwira. Timakagwira ndi kopanira, m'mphepete mokha, chifukwa chidindo cha chala chimodzi chimakaononga. Kuwala kumalowa kudzera mu galasi, kumenya golideyo kunsi kwake, n'kunjanja kubwerera kumene kuli kamera. Madzi oyezedwawo amayenda mbali inayo, pamwamba pa golide. Ndiye pali kapendekedwe kamodzi kenikeni: kuwala kukafika kutapendekeka pa madigiri amenewo, ma elekitironi a mu golide amalanda mphamvu yake n'kuyamba kugwedezeka onse pamodzi, ndipo kuwala kobwerera kumachepa kwambiri. Kamera imaona kamzere kakuda. Malo a kamzere kakudaka amadalira chimene chili pamwamba pa golide, pa mtunda wa nanomita 200 kapena 300 basi. Mapuloteni akakhala pamenepo, kamzere kamasuntha pang'ono. Akawonjezereka, kamasunthanso. Woyeza amaona pa kompyuta mzere ukukwera nthawi yomweyo, popanda kuthira utoto uliwonse. Kasanjidwe ka galasi ndi chitsulo kameneka anakakonza Kretschmann ku Germany mu 1968, asayansi a ku Linköping ku Sweden anasonyeza mu 1983 kuti kangayezere mapuloteni, ndipo makina oyamba ogulitsa, a Biacore, anatuluka mu 1990. Mpaka lero makampani opanga mankhwala amawadalira, koma ndi odula kwambiri ndipo amafuna chipinda chosatentha ndi magetsi osathimathima.

Nanga kaboni akudzatani pa golide amene akugwira kale ntchito? Choyamba ndi kuteteza. Siliva amatulutsa kamzere kakuda kooneka bwino kuposa golide, komanso ndi wotsika mtengo, koma amada msanga akakumana ndi mpweya ndi madzi. Kapepala ka graphene kopanda chibowo sikalola ngakhale mpweya wa helium kudutsa, ndiye kakayalidwa pa siliva kamamusunga. Ndipo poti kapepala kamodzi kamamwa 2.3 peresenti yokha ya kuwala, sikatchinga kwambiri. Mukasanjikiza tambiri, kamzere kakuda kaja kamafufuma n'kuvuta kuwerenga, kotero apa kuchulukitsa n'kuononga. Mu 2010 asayansi a ku Singapore anawerengera kuti kapepala kalikonse kamawonjezera mphamvu ya kuyeza ndi pafupifupi 2.5 peresenti kumbali ya kuwala kokha. Mukuona nokha kuti zimenezo n'zochepa. Phindu lalikulu lili pena: mamolekyu ambiri a zamoyo, makamaka okhala ndi timphete ta kaboni ngati a DNA, amakakamira pa graphene mwamphamvu kuposa pa golide wosapaka. Zogwira zimakwana zambiri pa malo ochepa, ndipo kamzere kamasuntha kwambiri.

Mphamvu imeneyi ndi yomwenso imabweretsa vuto. Graphene ali ngati ulimbo: mnyamata watchera kuti agwire njiwa, koma timba akatera nayenso amagwidwa, ntchentche ndi masamba ouluka chimodzimodzi. Timadzi tochokera mu mtedza wopera muli mafuta, mapuloteni, shuga ndi zinthu za khungu lofiira lija, ndipo zonsezi zikakamira pa kagalasi, kamzere kamasuntha ngati kuti kagwira poizoni. Kamera siisiyanitsa. N'chifukwa chake ntchito yambiri ya m'labotale imathera pa kukonza pamwamba pa kagalasi. Pa graphene oxide pali timagulu ta okosijeni totulukira kunja, ndipo pamenepo timamangirirapo antibody pogwiritsa ntchito mankhwala awiri otchedwa EDC ndi NHS. Malo onse otsala timawatseka ndi puloteni ina yosalowerera nkhani, monga albumin kapena puloteni ya mu mkaka. Pambali timasiya kanjira kena kopanda antibody, kuti kusuntha kwa kumeneko tikuchotsere pa kusuntha kwa kanjira kenikeni. Munthu akakuonetsani zotsatira zopanda kanjira kofananitsirako, zotsatirazo musazikhulupirire.

Palinso vuto lina lokhudza chuku penipeni. Poizoni amene wogula anapeza ndi aflatoxin, wotulutsidwa ndi nkhungu za mtundu wa Aspergillus, ndipo woopsa kwambiri ndi B1. Molekyu yake ndi yaing'ono zedi: pa sikelo ya akatswiri a kemisitiri imalemera 312, pamene antibody amalemera pafupifupi 150,000. Njira ya SPR imamva kulemera kwa chimene chatera, ndiye kanthu kopepuka chotero sikasuntha kamzere mokwanira. Akatswiri amazemba vutoli potembenuza kayezedwe. Pa kagalasi amamangirirapo aflatoxin wodziwika kale, kenako amasakaniza timadzi ta mtedza ndi ma antibody asanathire. Ngati mtedza uli woyera, ma antibody onse ali omasuka, amakagwira pa kagalasi, mzere n'kukwera kwambiri. Ngati uli ndi poizoni, ma antibody agwidwa kale m'madzimo, pa kagalasi pamafika ochepa. Izi muzisunge, Mayi, chifukwa timapepala tambiri toyezera aflatoxin timene tili kale pa msika timayenda momwemu. Pa kachipangizo ka malungo, mzere wachiwiri ukaoneka ndiye kuti munthu akudwala. Pa kapepala ka aflatoxin, mzere woyezera ukaoneka bwino ndiye kuti mtedza uli bwino, ukazilala kapena kusowa ndiye kuti muli poizoni. Wozolowera za kuchipatala akhoza kuwerenga chadodolido n'kutaya mtedza wabwino.

Njira imene ine ndimaiona kuti ingadzafike kumidzi msanga si ya golide ija koma ina yosafuna galasi lodula. Graphene oxide ali ndi khalidwe lozimitsa kuwala kwa utoto wonyezimira umene wamuyandikira kwambiri. Ndiye amatenga kachingwe kafupi ka DNA kosankhidwa kuti kazigwira chinthu chimodzi, kotchedwa aptamer, n'kumangirira utoto wonyezimira kumapeto kwake. Kachingweko kakathiridwa m'madzi a graphene oxide kamagona pa kapepala, utoto uja n'kuzima. Mukathiramo timadzi tokhala ndi aflatoxin, kachingwe kamadzipinda mokulunga poizoniyo, kamasiya kapepala, ndipo utoto umayambanso kuwala. Poizoni akachuluka, kuwala kumachulukanso. Asayansi a ku China anasonyeza njirayi ndi DNA mu 2009, ndipo kuchokera apo yayesedwa pa zinthu zambiri, aflatoxin B1 ali m'gulu lomwelo. Chofunika ndi kanyali ka LED, kosefera kuwala, ndi kamera, mwina ya foni. Aptamer amapiriranso kutentha kuposa antibody, zimene kwathu kuno n'zofunika.

Palinso timadontho ta kaboni, tosakwana nanomita 10, timene tinapezeka mwangozi mu 2004 anthu akutsuka timachubu ta kaboni. Timeneti timanyezimira tokha pansi pa nyali ya UV, yotulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo kupanga kwake n'kosavuta: asidi wa mandimu ndi ureya mu microwave zimatulutsa, ndipo ena anapangapo kuchokera ku makoko a mtedza omwe mumatentha kuseri kwa nyumbawo. Ndikuchenjezeni kuti kuwala kwa timadonthoti kumazimitsidwa ndi zinthu zambiri, monga ayironi wa m'madzi a pa mjigo, ndiye kuzima kwake pakokha si umboni wa poizoni. Timachubu ta kaboni nato timawala, koma kuwala kosaoneka ndi maso, kofuna kamera yapadera yodula. Ku yunivesite ya MIT ku America gulu la Michael Strano linatilowetsa m'masamba a sipinachi kuti tizisonyeza mankhwala ena a m'nthaka. Ndi ntchito yokongola, koma kwa inu ndi yakutali.

Chimene chikuchedwetsa zonsezi kufika pa msika, choyamba ndi kufanana. Graphene wabwino amameretsedwa pa kopa, mu ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,000, pogwiritsa ntchito mpweya wa methane, njira imene inadziwika mu 2009. Kenako kapepalako kayenera kusamutsidwa kuchoka pa kopa kupita pa golide, ndipo posamutsapo kamang'ambika, kamachita makwinya, kapena kamatsalira timapulasitiki togwirizira. Graphene oxide naye botolo la lero ndi la mwezi wamawa sakhala ofanana ndendende, timapepala take tina tikuluikulu, okosijeni wina wochuluka. M'labotale wofufuza angasankhe timagalasi titatu timene tatuluka bwino n'kulemba lipoti. Fakitale iyenera kutulutsa masauzande ofanana, oti atakhala miyezi ingapo m'katoni apereke yankho lomwelo. Chachiwiri ndi kutentha. Mmene madzi amapindira kuwala zimasintha ndi pafupifupi 0.0001 pa digiri iliyonse, pamene makina abwino a SPR amamva kusintha kocheperako kakhumi kapena ka 100. M'nyumba yosungira katundu ya malata mu Okutobala, mtambo ungodutsa, mzere pa kompyuta wasuntha kale.

Tsopano tibwerere ku thumba lija. Mulingo wa mayiko a European Union pa mtedza wodyedwa mwachindunji ndi 4 ppb wa ma aflatoxin onse pamodzi, ndi 2 ppb wa B1. Bungwe la Codex, loika milingo ya zakudya padziko lonse, limaika 15 ppb pa mtedza woti ukakonzedwenso. Mulingo wa 4 ppb ndi mamiligalamu 4 pa tani imodzi, kapena kuti miligalamu 0.2 m'thumba la makilogalamu 50. M'thumba limenelo muli njere pafupifupi 100,000, kutengera mtundu wa mtedza, ndipo poizoniyo safalikira mofanana mwa zonsezo. Amaunjikana mu njere zochepa, zobooledwa ndi chiswe, zosweka, zofwifwinyala, mphwephwa zija, pamene zinzake zoyandikana nazo zili zoyera. Njere zowerengeka zovunda kwambiri zingakwanitse zokha mulingo wa thumba lonse. Mukatapa dzanja limodzi pamwamba pa thumba, mwayi waukulu ndi woti simuzipeza. Wogula akatapa pena n'kupezamo imodzi, nambala yake imakwera mpaka kudabwitsa. Nonse awiri mwayeza moona, mayankho n'kusiyana kutalitali. Aflatoxin alibenso fungo kapena kukoma koti mungamuzindikire nako, ndipo njere ina imaoneka bwino kunja koma m'kati muli poizoni, kotero maso anu sanakunamizeni mwadala.

N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya amati pa mtedza wochuluka, matani 15 kapena kuposa, atape malo 100 osiyanasiyana mpaka akwanitse makilogalamu 20, apere, asakanize bwinobwino, kenako atengeko pang'ono poyeza. Ufa umenewo amaugwedeza mu methanol kapena ethanol wosakaniza ndi madzi, chifukwa aflatoxin sasungunuka bwino m'madzi okha, kenako amasefa. Dontho limodzi limene mwanayo akunena ndi la pamapeto pa ntchito yonseyi. Kagalasi kangakhale kakuthwa motani, kamayankha za dontho limene mwakapatsa, ndipo dontholo likachokera ku dzanja limodzi la mtedza, yankho lake ndi la dzanja limenelo basi. Akatswiri amene anasanthula kumene zolakwika zimachokera poyeza aflatoxin anapeza kuti gawo lalikulu ndi la katapidwe, ndipo la makina ndi lochepa. Malipoti ambiri a zipangizo za graphene amanyadira kuti angamve poizoni wocheperatu kuposa 1 ppb. Kwa inu zimenezo sizikuwonjezera kanthu, chifukwa timapepala timene tilipo kale timafika pa milingo imene ogula amafuna.

Ndiye ndalama zimene mukanasonkhazo ndingakonde zipite kwina. Gulani chotapira chachitali choboolera thumba, chopera chabwino, sikelo yaing'ono yolondola, ndi malona oyanikira. Kudzera kwa alangizi a zaulimi a dera lanu, funsani za timapepala toyezera aflatoxin ndi maphunziro ake, ndipo kamodzikamodzi muzitumiza gawo la ufa womwewo ku labotale yodziwika, monga ya Malawi Bureau of Standards kapena ya ku Chitedze, kuti muone ngati mayankho anu akugwirizana ndi awo. Pogulitsa, pemphani kuti potapa mukhalepo, ufa woperawo ugawidwe pawiri, gawo lina musunge inuyo lotsekedwa bwino. Mukatero, pakadzakhala kusamvana mudzakhala ndi pogwira. Pogwira methanol musamale kwambiri: ndi poizoni wochititsa khungu ndi kupha, amayaka msanga, ndipo asasungidwe m'botolo la zakumwa.

Ndipo poizoniyo amayambira kumunda. Mvula ikadula mtedza usanakhwime, nthaka n'kutentha, nkhungu imalowa mosavuta. Kuchedwa kukumba kumapereka mpata kwa chiswe. Kuyanika pa dothi kapena kuunjika wonyowa kumamaliza ntchitoyo, n'chifukwa chake alangizi amalimbikira za kusanja mtedza njira ya Mandela cock kuti mpweya uzidutsa. Koma chizolowezi chimene ndimada nacho nkhawa koposa ndi chija cha madzulo: mtedza wouma bwino m'makoko, munthu watenga ndowa, wawaza madzi, wafunditsa chiguduli kuti makoko afewe, mawa aswe mosavuta njere zisasweke. Kuswa kumapepukadi, ndipo pa sikelo umalemerako, koma chinyezi chimenecho chikalowa m'thumba la pulasitiki lomangidwa pakamwa, nkhungu imadzuka m'masiku ochepa. Mtedza usungidwe m'makoko mpaka nthawi yogulitsa, ndipo woswa ukhale ndi chinyezi chosafika 8 peresenti.

Pali chinthu china chimene sindingachilumphe. Mukasankha mtedza, wabwino umapita kwa wogula, nanga wosankhidwira pambali uja umapita kuti? Kawirikawiri umasinjidwa nsinjiro za ndiwo ndi za phala la ana, kapena umagulitsidwa motchipa kwa opanga chiponde. Ndiye kuti poizoni amene mwachotsera mlendo mwamuunjikira mwana wanu. Kukazinga ndi kuphika sikumutha aflatoxin. Bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linamuika m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa, makamaka ya chiwindi, ndipo ngozi imakula kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B. Dziko linamudziwa mu 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya cha mtedza. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Ng'ombe ya mkaka ikadya zotsalirazo, gawo lina la poizoni limatulukira mu mkaka. Matumba anabwererawo, ngati ena akadalipo, asalowe mumtondo asanasankhidwenso njere imodziimodzi ndi kuyezedwa.

Mwina mukufunanso kudziwa ngati kaboni wa mtundu umenewu ali woopsa payekha. Chodetsa nkhawa ndi ufa wouma wouluka, makamaka timachubu titalitali tolimba timene tingakhazikike m'mapapo. Mu 2014 IARC inaika mtundu umodzi wa timachubuti m'gulu la zimene mwina zingayambitse khansa. Imeneyi ndi nkhani ya opanga ndi ofufuza, amene ayenera kugwira ufawo m'kabati yokoka mpweya. Pa kagalasi pamakhala kochepa kwambiri, komatidwa, ndipo mtedza woyezedwawo sudyedwa.

Mwana wa achimwene anuyo mumuuze kuti asataye chidwi chake, chifukwa dziko lino likufuna anthu otero. Ngati akufuna kuchitapo kafukufuku, asathamangire SPR. Ayambe ndi graphene oxide ndi aptamer, kapena timadontho ta kaboni, zimene labotale ya yunivesite ingakwanitse. Asakhutire ndi aflatoxin wogula wothiridwa m'madzi oyera, poti pamenepo chilichonse chimaoneka ngati chikugwira. Abwere ku Mkanda, ku Kapiri ndi ku Kamwendo, atape mtedza wa mitundu ya CG7, Chalimbana ndi Nsinjiro m'matumba enieni, apere, agawe ufa uliwonse pawiri, gawo lina ayeze ndi njira yakeyo, lina likayezedwe ndi makina odalirika a m'labotale otchedwa HPLC ndi munthu amene sakudziwa yankho lake. Akumbukire kuti aflatoxin mwiniwake amanyezimira pansi pa UV, wa mtundu wa B mwa buluu, wa mtundu wa G mobiriwira, ndipo zinthu zina za mu mtedza nazo zimanyezimira, kotero asankhe utoto wowala mofiira kuti zisasokonezane. Kenako asiye timabotolo take miyezi itatu m'nyumba yanu yosungira katundu, ayezenso. Ndipo wina akadzafika pa gulu lanu ndi kachipangizo konyezimira kogulitsa, mumufunse mafunso omwewo: kanayesedwa pa mtedza weniweni kapena pa madzi, kanafananitsidwa ndi labotale iti, kamapirira kutentha kofika pati, timagalasi tosinthira mudzatigula kuti ndi pa mtengo wanji, komanso ngati wogula mtedza wanu adzavomereze pepala la zotsatira zake.